Msana usanapondedwe, uyambe wapimidwa

Kuno ku Makhanga munthu akanena kuti msana ukumupweteka palibe amene amatembenuka. Ndi dandaulo la tsiku ndi tsiku. Ife alangizi a zaumoyo timalimva kusikelo, pamene mayi wabwera ndi mwana koma podzuka pabenchi akuchita kugwira m'chiuno. Timalimva m'magulu a anzathu omwe ali ndi kachilombo ka HIV, timalimvanso kwa anyamata a kabaza ndi opalasa mabwato, anthu oti sanakwanitse n'komwe zaka 30.

Masiku ano dandauloli likubwera ndi funso lachilendo. Abale athu obwera kuchokera ku Joni akusimba za madokotala ena amene sapereka mapiritsi kapena jakisoni, ntchito yawo n'kugoneka munthu pakama n'kumukankha msana mpaka mafupa kulira. Achinyamata nawo aonera zimenezi m'mafoni, munthu akulowa chowerama n'kutuluka akuvina. Ndiye anthu akutifunsa kuti: "Alangizi, kodi chithandizo chimenechi n'chotani? Bwanji kuno kulibe? Nanga poti kulibe, tikamapondana misana tokha si chimodzimodzi?"

Tiyankha mafunsowa, koma tineneretu mbali yomwe tili. Chithandizochi chili ndi ntchito yake, kungoti ntchitoyo ndi yaing'ono kusiyana ndi momwe mavidiyo amaionetsera. Chingathe kuthandiza msana wotopa, koma msana wodwala chikhoza kuuononga. Ndipo kuno kuchigwa misana yodwala ilipo yambiri, yobisala pakati pa misana yotopa.

Kodi chiropractic n'chiyani?

Dzina la chithandizochi pa Chingerezi ndi chiropractic. Ngakhale likuyamba ndi "chi" ngati mawu athu, eniake amatchula kuti "kairopulakitiki", ndipo wochita ntchitoyi amatchedwa chiropractor. Dzinali analipanga kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki, ena otanthauza dzanja, ena otanthauza kuchita. Mwachidule, ndi chithandizo cha manja.

Amene anayambitsa ndi Daniel David Palmer, m'tauni ya Davenport ku Iowa, m'dziko la America, m'chaka cha 1895. Bamboyu sanali dokotala. Anagulitsako zinthu m'golosale, kenaka n'kuyamba kuthandiza odwala powasanjika manja, ati kuti m'thupi mwake munali mphamvu yonga ya maginito. Iye ankasimba kuti tsiku lina anakankha fupa la msana wa bambo wosamalira nyumba yomwe munali ofesi yake, dzina lake Harvey Lillard, yemwe anali atakhala zaka 17 asakumva bwino, ndipo makutu a bamboyo anatseguka. Kuchokera pamenepo Palmer anayamba kuphunzitsa kuti matenda 95 mwa 100 aliwonse amayamba chifukwa cha mafupa a msana omwe asuntha pamalo pake n'kupana mitsempha. Anatsegula sukulu yake mu 1897, ndipo mu 1906 anamangidwa chifukwa chogwira ntchito ya udokotala popanda chilolezo.

Chiphunzitso chimenechi sichoona. Mitsempha yothandiza kumva imachoka m'khutu kupita kuubongo m'kati mwa mutu momwemo, siidzera kumsana. Malungo timawatenga kwa udzudzu, kolera m'madzi ndi chakudya chosasamalika, chifuwa chachikulu mumpweya wa munthu wodwala. Ngakhale bungwe loyang'anira ma chiropractor ku Britain linanena poyera mu 2010 kuti palibe umboni wosonyeza kuti mafupa osunthawo ndiwo amayambitsa matenda. Choncho munthu aliyense amene angakuuzeni kuti akawongola msana wanu shuga atha, BP itsika, kapena kachilombo ka HIV kachepa m'magazi, ameneyo akufuna ndalama zanu basi. Mawuwa tikunena mosapsatira chifukwa dziko lathu linaonapo kale anthu akusiya kumwa ma ARV atalonjezedwa machiritso, ndipo tonse tikudziwa momwe zinathera.

Komabe sitinganene kuti zonse n'zachabe. Ma chiropractor ambiri a masiku ano anasiya kulonjeza zochiza matenda onse, ndipo ntchito yawo yeniyeni ndi ululu wa msana, khosi ndi molumikizira mafupa. Kuti timvetse zomwe amachita, tiyambe taona momwe msana unapangidwira. Anthu ambiri amaganiza kuti msana ndi fupa limodzi lalitali ngati mpini, koma ayi. Ndi timafupa tosanjikizana, ndipo 24 mwa ito timayenda: 7 ta m'khosi, 12 ta kumbuyo kwa chifuwa komwe kumalumikizika nthiti, ndi 5 ta m'chiuno. Pakati pa timafupati pali kanyama kolimba konga labala koteteza kuti tisakhulane. Ndipo m'kati mwake, m'mphako yomwe timafupati timapanga, mumadutsa mtsempha waukulu wochokera kuubongo, womwe umalamula miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Mtsempha umenewu muukumbukire, tibwereranso kwa iwo.

Chiropractor wophunzira bwino amayamba ndi mafunso, kenaka amapima wodwala, ndipo akakayika amamutumiza kukajambulitsa. Akakhutira kuti palibe matenda obisala, m'pamene amagoneka munthu uja n'kukankha malo amodzi mwamsanga, kamodzi, ndi mphamvu yoyeza. Amatikitanso minofu ndi kuphunzitsa masewero olimbitsa msana. Kulira kuja komwe kumasangalatsa oonera sikutanthauza kuti fupa labwerera m'malo mwake. Ndi mpweya wa m'madzi a molumikizira mafupa, chimodzimodzi ndi kulira kwa zala tikamazikoka pocheza.

Nanga zimathandizadi? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana, ndipo mwa anthu 10 aliwonse pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yeniyeni yoyambitsa ululuwo. Ndi minofu ndi mfundo zotopa chabe. Mu December 2023 bungweli linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka anthu omwe msana wawavuta miyezi yoposa itatu, ndipo linavomereza kuti kukankha msana ndi kutikita zikhoza kukhala mbali imodzi ya chithandizo, pamodzi ndi kuphunzitsa wodwala ndi masewero olimbitsa thupi. Kafukufuku waonetsa kuti ululu umachepako ndithu kwa anthu ena, koma mosapitirira momwe umachepera munthu akamachita masewero oyenera. Palinso chiopsezo china: kupotokola khosi mwamphamvu kwapangitsapo anthu ena kufa ziwalo mtsempha wa magazi wopita kuubongo utang'ambika. Izi sizichitikachitika, koma zikachitika sizibwerera.

Ntchitoyi si yophunzira sabata imodzi. WHO inanena mu 2005 kuti chiropractor ayenera kuphunzira maola osachepera 4,200, ndipo maola 1,000 mwa amenewa akhale othandiza odwala moyang'aniridwa. Sukulu zomwe zili pafupi ndi ife ndi za ku South Africa, ku Durban University of Technology ndi ku University of Johannesburg, ndipo boma la kumeneko limawalemba m'kaundula asanayambe ntchito. N'chifukwa chake abale athu a ku Joni ndiwo abwera ndi nkhaniyi. Munthu amene waonera mavidiyo khumi n'kugula tebulo si chiropractor, ngakhale atavala gauni yoyera.

Ifenso tili ndi zathu

Chithandizo cha manja si chachilendo kwathu kuno. Bambo akaweruka kudimba amagona chafufumimba pamphasa n'kuitana mwana kuti ayende pamsana pawo. Amayi amathowana ndi nsalu yoviika m'madzi otentha. Ena amatikita ndi mafuta, ena amapita kwa asing'anga kukatemera mphini m'chiuno, ndipo m'midzi yambiri muli agogo odziwika ndi kulumikiza mafupa. Sitikunyoza zonsezi. Kuthowa ndi kutikita pang'onopang'ono kumamasuladi minofu, ndipo munthu wogwiridwa ndi dzanja la m'bale wake amagona tulo tabwino. Mphini zokha ndiye timakana, chifukwa lezala limodzi likayenda pa anthu angapo limafalitsa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo mabala ake amatha kutukusira.

Misana yathu ili ndi chifukwa chotopera. Timalima chowerama ndi khasu la mpini waufupi, kumunda nthawi ya dzinja, kudimba nthawi ya chilimwe, osapuma. Amayi amasenza ndowa ya malita 20, womwe ndi mtolo wa makilogalamu 20, mwana ali kumbuyo. Mpunga wa ku Muona amaudzala ndi kuupalira chowerama m'madzi. Kuyambira mu 1997 pomwe madzi anadula njira ya pa Chiromo, katundu wopita ndi kuchokera ku Bangula wakhala akukwezedwa ndi kutsitsidwa m'mabwato ndi misana ya anthu. Ndiye onjezanipo madzi osefukira a mu January 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu March 2023. Nthawi iliyonse madzi akaphwa anthu omwewo amaumbanso njerwa, kusenza milimo, kufukula mchenga m'minda ndi kunyamula matumba a makilogalamu 50 a chithandizo. Pali mabanja omwe amanga nyumba katatu m'zaka zosakwana khumi.

Apa m'pomwe pagona ngozi. Poti aliyense ali ndi chifukwa chomveka chopwetekera msana, aliyense amaganiza kuti wake ndi wa khasu. Chiropractor weniweni amayamba wapima asanakankhe. Ife timayamba ndi kuponda.

Msana wodyeka ndi TB

Ambiri timadziwa TB ngati chifuwa chachikulu, ndipo dzina lomweli limatisocheretsa. Timaganiza kuti munthu wosatsokomola sangakhale ndi TB. Zoona zake n'zakuti tizilombo ta nthendayi timatha kuchoka m'mapapo n'kuyenda m'magazi kukakhazikika kwina, ndipo pa mafupa onse a m'thupi, malo omwe timakonda kwambiri ndi msana. Pafupifupi theka la odwala TB ya m'mafupa amakhala kuti yawagwira msana. Nthendayi ndi yakale. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaifotokoza mu 1779, ndipo mpaka lero m'zipatala amaitchula ndi dzina lake.

Tizilomboti tikafika timayamba kudya timafupa tija chakutsogolo kwake, kawirikawiri pakati pa msana kapena pamwamba pa chiuno. Timadya pang'onopang'ono ngati chiswe m'mtanda wa denga, kunja kukuoneka bwinobwino. Mafinya amasonkhana. Pakapita miyezi fupa limafumbwa n'kuphwanyika, msana umapindika, ndipo pamatuluka kalinunda kosongoka komwe mungathe kukakhudza ndi chala. Mafinya ndi zidutswa za fupa zimayamba kupana mtsempha waukulu uja. Miyendo imalemera, munthu amapunthwa pamalo opanda chitsa, kenaka amalephera kuimirira, ndipo pomaliza mkodzo ndi chimbudzi zimatuluka osazimva.

Tsopano taganizani mwana wa zaka 10 akuyenda ndi zidendene pa fupa lotero, kapena munthu wamphamvu akulikankha ndi bondo. Malangizo a WHO a 2005 aja anatchula TB ya msana pa mndandanda wa matenda omwe chiropractor sayenera kukankha msana m'pang'ono pomwe. Ngati munthu wophunzira maola 4,200 amaletsedwa kugwira msana wotero, nanji ife pamphasa?

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anzathu omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Chiopsezo chawo chodwala TB chimaposa cha anthu ena maulendo oposa 10, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika TB imakonda kutuluka m'mapapo n'kupita kwina. Amene sanayezetse magazi, amene anasiya mankhwala, ndi amene amadumphitsa chifukwa madzi anadula njira yopita kuchipatala, ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Koma tisanamizane kuti ndi okhawo. Ana, okalamba, odwala shuga ndi anthu operewera zakudya m'thupi nawonso imawagwira, ngakhale alibe kachilombo.

Nkhani zomwe timakumana nazo m'midzi zimayenda mofanana. Mwezi woyamba bambo akuti ndi khasu, akumwa panado. Mwezi wachiwiri akugula indosidi pamsika, ana akuwaponda madzulo aliwonse. Mwezi wachitatu thupi layamba kutha, usiku akutuluka thukuta mpaka kunyowetsa chofunda, koma poti kuno n'kotentha onse akuti ndi nyengo. Mwezi wachinayi atemera mphini, ndipo m'banjamo mwayamba kulozana zala kuti wina anawatchera mankhwala panjira ya kumunda. Ife amatiitana miyendo itasiya kale kugwira ntchito. Pofika apo mbuzi zagulitsidwa, ana asiya sukulu kuti azitembenuza bambo awo, ndipo abale awiri sakulankhulana chifukwa cha ufiti womwe kunalibe.

Chopweteka mtima n'chakuti nthendayi imachizika, ndipo mankhwala a TB ndi aulere. Ndi mankhwala omwewo a chifuwa chachikulu, kungoti a TB ya msana nthawi zambiri amamwedwa kupitirira miyezi 6, monga momwe adokotala angalamulire. Wopezeka msanga amachira osapindika msana. Ngakhale amene miyendo yayamba kufooka, ambiri amayendanso akayamba mankhwala nthawi yabwino, ndipo ena ochepa amafunika opaleshoni kuchipatala chachikulu. Koma fupa lomwe laphwanyika kale silimeranso, ndipo mtsempha womwe wapanidwa nthawi yaitali sudzuka.

Kodi tingasiyanitse bwanji? Msana wotopa umapweteka ukamagwira ntchito, umapepuka ukapuma, ndipo kawirikawiri umayamba kusintha pasanathe masabata 6. Msana wodwala supuma. Umapweteka ngakhale wagona, umakudzutsa pakati pa usiku, ndipo mwezi uno ukuposa mwezi watha. Nthawi zambiri ululu umakhala pamalo amodzi oti munthu angathe kuloza ndi chala, ndipo ukagogoda pamenepo amadumpha. Ukaphatikizana ndi kuonda, kutentha thupi madzulo, thukuta la usiku kapena kusafuna kudya, musadikirenso. Ndipo ngati miyendo yayamba dzanzi kapena kufooka, ngati mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha, ngati pakati pa miyendo pachita dzanzi, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo, chimodzimodzi ndi mayi yemwe matenda a uchembere amuvuta. Mwana wamng'ono akamadandaula msana masiku angapo, kapena akamakana kuwerama potola chinthu pansi, naye apite kuchipatala. Ana satopa msana ngati akulu.

TB si yokha yomwe imabisala kumsana. Ife timakhala m'madzi, ndipo mazira a likodzo nthawi zina amakafika ku mtsempha waukulu uja n'kufooketsa miyendo m'masiku ochepa. Matenda a impso amapweteka m'mbali mwa msana, pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuwawa pokodza. Mayi yemwe chiuno chikumupweteka uku akutaya magazi nthawi yosayenera kapena akutuluka chikazi chonunkha akayezetse khomo la chiberekero, makamaka ngati ali ndi kachilombo, pakuti chiopsezo cha khansa imeneyi kwa iye n'chokwera maulendo 6. Mashingozi amayamba ndi ululu wotentha mbali imodzi ya msana matuza asanatuluke. Agogo aakazi mafupa awo amapepuka ndi ukalamba ndipo amathyoka ndi mphamvu yochepa, choncho zidzukulu zisamawaponde. Munthu wogwa panjinga, pangolo, mumtengo wa mango kapena wogweredwa khoma asawongoledwe ndi aliyense asanajambulidwe.

Palinso dandaulo lina lomwe anthu amalisokoneza ndi msana, lomwe ndi dzanzi ndi kutentha kwa mapazi onse awiri. Achikulire omwe anayamba ma ARV boma litayamba kupereka mwaulere mu 2004 akukumbukira Triomune, yemwe munali mankhwala a stavudine oononga mitsempha ya kumapazi. Mankhwala amenewo anasiyidwa zaka zoposa khumi zapitazo, koma ena dzanzi linawatsalira. Shuga, mowa ndi mankhwala ena a TB otchedwa isoniazid zimabweretsanso vuto lomweli, n'chifukwa chake kuchipatala amapereka vitamini B6 pamodzi nawo. Kukankha msana sikungachotse dzanzi lotere. Kauzeni achipatala, ndipo musasiye mankhwala panokha.

Tinenepo pang'ono za mapiritsi a pamsika. Indosidi, bufeni ndi diclofenac zimapha ululu, n'zoona, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumaboola chifu ndi kuononga impso. Ma ARV omwe ambiri akumwa masiku ano muli tenofovir, mankhwala abwino omwe amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye kuwaphatikiza ndi mapiritsi amenewa kwa nthawi yaitali popanda uphungu n'kusenzetsa impso mitolo iwiri, makamaka m'dera lotentha ngati lathu momwe thupi limatha madzi msanga. Chinanso, mapiritsiwa amaphimba ululu uku chiswe chija chikupitiriza kudya.

Tsono kwa ambiri a ife omwe achipatala apima n'kunena kuti ndi msana wotopa, chithandizo chabwino sichifuna ulendo wa ku Joni. Musagone masiku ambiri, pakuti msana wogonekedwa umauma ndipo minofu imafooka. Yendani, gwirani tintchito topepuka, thowani, tikitani ndi manja mofatsa. Ponyamula thumba pindani mawondo, mtolo ukhale pafupi ndi thupi, ndipo musapotoke uku mutanyamula. Thumba la makilogalamu 50 ndi la anthu awiri, ngakhale anzanu akusekeni. Polima muziweramuka pafupipafupi, ndipo amene angathe aike mpini wotalikirapo. Malamba omanga m'chiuno omwe amagulitsidwa m'misika musataye nawo ndalama, WHO inanena kuti sathandiza msana womwe wavuta nthawi yaitali. Ndipo abambo, ngati mayi kunyumba akudandaula chiuno, njinga ija ikhoza kunyamula zigubu za madzi. Mutu umodzi susenza denga, msana umodzinso sungasenze banja lonse.

Ena akhoza kufunsa kuti bwanji osapempha boma kapena mabungwe kuti atibweretsere ma chiropractor. Ku Botswana zinachitikapo: bungwe la World Spine Care linatsegula malo othandizira odwala msana m'mudzi wa Shoshong, ndipo ma chiropractor ankagwira ntchito mogwirizana ndi zipatala za boma. Zoterezi zitafika kuno sitingazikane, bola akhale anthu ophunzira, olembetsedwa ku Medical Council of Malawi, odziwa nkhope ya TB, ndiponso okonzeka kutumiza wodwala kwa madokotala ena. Koma kunena zoona, ife tikanapatsidwa mwayi wosankha, sitikanayambira pamenepo. Dziko lathu lili kale ndi anthu a ntchito yofanana ndi imeneyi. Kuyambira mu 1985 Malawi wakhala akuphunzitsa ma clinical officer a mafupa omwe amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Mu 2010 sukulu ya madokotala ya College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mafizo, omwe amadziwa kutikita, kuwongola ndi kuphunzitsa masewero. Ku Blantyre kuli Kachere, komwe amathandiza anthu ofa ziwalo kuti ayambenso kudzithandiza, kulinso chipatala cha Beit CURE chomwe chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana a mavuto a mafupa. Anthuwa alipo. Vuto n'lakuti ndi ochepa, ndipo ali kutsidya.

Pempho lathu kwa akuluakulu a zaumoyo ndi mabungwe ogwira ntchito m'dera la Mfumu Mlolo n'lakuti a mafizo azifika kutsidya lino, ngakhale kamodzi pa miyezi itatu, adzaphunzitse ife alangizi ndi anzathu osamalira odwala kunyumba masewero oyenera, katembenuzidwe ka munthu wofa miyendo kuti asachite zilonda, ndi kazindikiridwe ka msana wodwala. Pofufuza TB m'midzi timafunsa za kutsokomola, kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku. Sizingatitengere mphindi imodzi kuonjezapo funso la msana, ndipo atsogoleri a magulu a anzathu omwe ali ndi kachilombo angathe kumafunsa funso lomwelo pamisonkhano yawo. Asing'anga ndi agogo olumikiza mafupa sitikulimbana nawo. Anthu amafika kwa iwo asanafike kwa ife, choncho tikuwapempha kuti akaona munthu woonda, wa kalinunda, kapena wa miyendo yofooka, amutumize kuchipatala tsiku lomwelo asanamugwire. Dzina lawo silingachepe chifukwa cha zimenezo.

Tikudziwa kuti mawu oti "pitani kuchipatala" ndi osavuta kunena. Kuchoka kuno kupita ku Trinity ku Fatima, kapena kuoloka kupita ku Bangula mpaka kuchipatala cha boma ku Nsanje, pamafunika ndalama ya njinga, ya bwato ndi ya galimoto, kuphatikizapo ya womudikirira wodwala, ndipo nthawi ya mvula ulendowu umavuta koposa. Anthu sachedwa chifukwa cha umbuli wokha. N'chifukwa chake tikupempha magulu a banki m'khonde ndi makomiti a zaumoyo m'midzi kuti thumba lija la zadzidzidzi lisamatsegulidwe pamaliro pokha. Ndalama ya ulendo umodzi mwezi wachiwiri ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mbuzi zomwe zimagulitsidwa mwezi wachisanu.

Mukafika kuchipatala musangonena kuti "msana", chifukwa odwala ndi ambiri ndipo mukhoza kubwerako ndi panado yekha. Fotokozani kuti wayamba liti, ngati umakudzutsani usiku, ngati mwaonda, ngati m'nyumba mwanu munali wodwala TB, ndiponso ngati mukumwa ma ARV kapena munasiya. Amene simunayezetse magazi pemphani kuti akuyezeni tsiku lomwelo. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapiritsi onse omwe mwakhala mukumwa, a pamsika omwe. Mukamwa mankhwala omwe mwapatsidwa koma osasintha, bwereraninso ndipo nenani kuti mwabweranso ndi vuto lomwelo. Ngati wodwala wagwa kapena miyendo yake yafooka kale, musamukhazike pakaliyala ya njinga. Mugonekeni chagada pathabwa kapena pachitseko, mumumange ndi zitenje pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo kuti asagwedezeke, ndipo pomukweza m'bwato kapena pangolo mumunyamule anthu anayi nthawi imodzi, mmodzi atagwira mutu.